Mawaya Atatu M'dzina la Che Daudi

Ndisanayambe kulalata ndiyambe ndathokoza, monga anatiphunzitsira ku Sande sukulu. Ndikuthokoza dokotala wamkazi uja wa ku Joni amene anandiboola mkono ndi makina n'kulowetsamo mawaya atatu. Iyeyo ntchito yake anaigwira bwino, ndipo ndikanadziwa komwe ali ndikanamutumizira nkhuku. Kuthokoza kwathera pamenepa. Otsala nonse khalani pansi.

Ine kwathu ndi cha ku Milepa, ndipo ku koleji ndinafikako. Anthu akamandinena amatero kumene, "anafikako," ngati munthu amene anapita ku ukwati n'kubwerako mpunga usanapse. Ndinkaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Chaka chachiwiri akuluakulu a pakolejipo anakhala pansi, anayang'ana malikisi anga, ndipo anagwirizana kuti ana a m'dziko muno ali kale ndi mavuto okwanira. Ndinabwerera kumudzi ndi chikwama cha mabuku komanso Chingerezi chosagula ngakhale mchere.

Amene anandipeza ndikusenda nandolo pakhonde la achemwali anga a Esinati anali a Nakoma a ku Kadewere. Sitili pachibale, koma tonse tinkawatchula ankolo chifukwa anali ndi jekete yachikopa yomwe ankavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe, sukulu yonse ija ukusendera nandolo? Tiye ku Joni. Kumeneko Chingerezi chokhacho ndi ntchito kale."

Ndinapita. Pa zaka zinayi zomwe ndinakhala kumeneko, Chingerezicho chinandithandiza kuwerenga zolemba za pa thumba la simenti.

A Nakoma anali kapitawo wathu. Mwini nyumba ankapereka ntchito kwa kontilakita, kontilakita kwa mnzake, mnzakeyo kwa a Nakoma, a Nakoma kwa ife. Ife pansi pathu panalibe wina, panali dothi basi. Tinkamanga mipanda italiitali yotchingira anthu onga ife tomwe, ndipo ine ndinadzakhala katswiri wopaka pulasitala. Sindikudzitama. Khoma langa linkasalala moti ntchentche inkatera kawiri isanakhazikike. Dzanja langa lamanja ndilo linafolera malata nyumba ya achemwali, ndilo linagula yunifolomu ya ana awo, ndipo ndilo ndinalibe lina lolowa m'malo mwake.

Tinkagona m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa komweko. Mnzanga wa pamphasa anali Yohane, wowotcherera zitsulo, munthu woseka ndi thupi lonse. Mkulu wathu anali Che Daudi a ku Mikolongwe, bambo ofatsa, osaphonya swala, okhala ndi kapoto kawokawo kuti tingawaphikiremo zosayenera. Che Daudi okha ndiwo anali ndi pepala. Ena tonse masiku a m'mapasipoti mwathu anatha kalekale. Pepalalo linali lokhalira m'dzikomo, ndipo linali litadutsa pa fotokope kambirimbiri moti chithunzi chake chinkafanana ndi Mmalawi aliyense. Tsono lamulo la pakati pathu linali lakuti wodwala aliyense ankabwereka pepalalo popita kuchipatala, akabwerako n'kulibweza kwa mwini wake tsiku lomwelo. Mukakafufuza m'mafayilo a zipatala za kumeneko mupeza kuti Che Daudi anadwalapo chibayo, anachotsedwa dzino limodzimodzi kawiri, anasokedwa pamutu, ndiponso anapsa ndi phula mwendo. Eni akewo sindinawamvepo ngakhale akuyetsemula.

Tsiku lomwe ndinagwa, nsanja yachitsulo yomwe tinkakwerapo inali yomangidwa ndi waya wamba, chifukwa zomangira zake zenizeni a Nakoma anazipititsa ku ntchito yawo ina. Ndinawauza m'mawa.

"Ankolo, nsanjayi ikuvina."

"Ikuvina chifukwa yakondwa. Kwera, simenti ikuuma."

Ndinakwera. Sindinena zambiri za ulendo wobwerera pansi, unali waufupi. Ndinatsogoza dzanja lamanja monga amachitira munthu aliyense, ndipo ndinamva kuti thyo! Nditaliyang'ana, pamalo pomwe anthu olemera amavalapo wotchi panali patapindika ngati foloko yodyera.

Chinthu choyamba chomwe a Nakoma anachita sikuyang'ana dzanjalo ayi. Anandivula ovolosi. Anatenga botolo la madzi n'kunditsuka simenti m'miyendo ngati akutsuka mbatata yokagulitsa. Mu pikapu yawo popita kuchipatala, ine ndikulumira mano, sukulu inayambika.

"Dzina lako ndani?"

"Daudi."

"Wagwera kuti?"

"Pa nsanja yanu yokondwa ija."

"Wagwera kubafa. Waterereka. Tamvera mphwanga, ukakatchula za ntchito kubwera apolisi, atitola tonse. Ukufuna anzako onsewa akagone m'selo chifukwa cha dzanja limodzi?"

Ndinavomera. Chimenecho ndimachivomereza pamaso pa aliyense: bodzalo anaphika ndi iwo, koma ndinameza ndekha.

Dokotala uja anakweza chithunzi cha ekisire pa nyali n'kundionetsa. Fupa lake ndinkalidziwa dzina, rediyasi, lalikulu la mbali ya chala chachikulu. Linali funso limodzi mwa ochepa omwe ndinakhoza ku koleji. Linali litathyokera kumapeto, chidutswa chake n'kupendekera kumbuyo. Anati chikhakha chokha sichingathandize, chifukwa kutupa kukaphwa chidutswacho chidzatererekanso m'kati momwemo, fupa n'kulumikizana mokhota. Pafunika kulikoka, kuliwongola, n'kulikhoma ndi mawaya kuti lisasunthe. Kenako anayang'ana fayilo, anayang'ana ine.

"Bambo Daudi, pa msinkhu wanuwu mafupa anu ndi olimba bwino."

Pepalalo linkati ndikuyandikira zaka makumi asanu. Ndinati kwathu timadya matemba ndi mitu yomwe.

"Ndipo mwagwera kubafa."

"Eya."

"Bafa lanu lili ndi simenti yambiri. Yalowa mpaka m'khutu."

Sanafunsenso china. Ankadziwa. Ndikukhulupirira kuti ma Daudi ogwera kubafa anali atawaona ambiri.

Kufiyeta sanandigoneke tulo. Anandibaya jakisoni cha m'khwapa, mkono wonse n'kukhala ngati wa munthu wina. Mmodzi anagwira chigongono, wina anakoka zala, ndipo pa kanema wa pambali ndinkaona mafupa anga akubwerera pamzere ngati ana a sukulu akaona ahedi. Ndiye anatenga makina oboolera. Phokoso lake linali lomwe lija la kuntchito, kungoti awa anali oyera. Waya woyamba analowera cha kumbali ya chala chachikulu, mopendekeka, kudutsa pothyokapo mpaka kukaluma fupa la tsidya linalo. Wachiwiri anatsata mnzake. Wachitatu analowera pamwamba pa mkono n'kupingasa awiri aja. Mawaya ake ochepa ngati sipoko ya njinga. Anawadula, nsonga zake n'kuzisiya panja pa khungu, atazipinda ngati mbedza kuti zisalowe m'kati. Anaphimba ndi thonje, n'kumanga chikhakha.

Mawu omwe anandiuza pambuyo pake anawabwereza katatu, ngati akulankhula ndi mwana kapena nduna. Chikhakha chisanyowe. Pakatha masabata asanu ndi limodzi ndibwere adzachotse mawayawo, ndi ntchito ya mphindi ziwiri, yosafuna n'jakisoni yemwe. Ndisachedwe, chifukwa waya aliyense ndi msewu wochokera panja kukafika pafupa, ndipo tizilombo sitifunsa chilolezo. Akadzachotsa, ndidzayambe kulimbitsa dzanjalo tsiku ndi tsiku, apo ayi lidzauma.

Ndinamvetsa zonse. Ndinawerenga masiku pakhoma ndi khala. Yohane ankandimanga zingwe za nsapato, kundimangira mabatani, ndi kukulunga chikhakhacho m'jumbo ndikamasamba, uku akundinena kuti sanakwatire koma wapeza kale mwana wandevu. Patatha masabata awiri ndinapita kukaonetsa, ndipo anati zonse zili m'malo. Nditabwerako ndinabweza pepala kwa Che Daudi monga mwa lamulo. Iwo, pokhala munthu wosamala zinthu, anatenganso khadi langa lachipatala n'kuliika m'kapulasitiki komwemo.

"Zikhale pamodzi, achimwene. Inu ndi dzanja limodzili mutaya."

Sabata yachisanu apolisi anatchinga pokwerera mathekisi. Che Daudi anatulutsa pepala lawo mwaulemu wonse, ndipo wapolisi anawaonetsa kuti nalonso linatha mphamvu miyezi yapitayo. Anawakweza m'galimoto kupita nawo kosungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Khadi langa linakwera nawo.

Tsiku langa litakwana ndinapitabe. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka ndinafika pa windo.

"Khadi."

"Latayika."

"Pepala."

"Latayikanso."

"Dzina?"

Ndinatchula. Mayi wa pa windoyo anagogoda pa kompyuta n'kunena kuti a dzina limenelo alipo ambiri. "Tsiku lobadwa?"

Apa ndi pamene ndimafuna kudziluma. Ine, wofikako ku koleji, woloweza mafupa a munthu, pepala lija ndinayenda nalo kawiri konse koma sindinawerengepo tsiku lomwe ndinabadwa. Palibe aliyense wa ife amene analiwerengapo. Tinkangopereka, iwo n'kukopera. Ndinatchula tsiku lina lililonse. Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinatchula lina. Kumbuyo kwanga bambo wina anayamba kukuwa za alendo odzadza m'zipatala, ndipo mlonda anayamba kusendera.

"Ngati simukudziwa tsiku lomwe munabadwa, bweretsani pasipoti titsegule fayilo ina."

Pasipoti yanga ikanatsegula fayilo, inde, koma ya kupolisi. Ndikanatha kufunafuna dokotala uja m'makonde n'kumuuza zoona. Maganizo amenewo anandifikira ndili kale mu thekisi, ndipo mawa lake mantha anali atakulanso kuposa nzeru.

Tinaimbira foni akazi awo a Che Daudi ku Mikolongwe. Anati apongozi awo ankanena kuti Che Daudi anabadwa ngumbi zikuuluka. Kompyuta ya ku Joni ilibe malo olembapo ngumbi.

Ndinapita kwa a Nakoma. Ndinawapempha kuti anditengere kwa dokotala wolipira, poti amenewo safunsa kuti unabadwa liti. Anali atakhala mu pikapu akudya chipisi.

"Iwe unafika ku koleji eti? Tandiuza, silabu ya simenti yopanda mawaya imalimba?"

"Ine si silabu, ankolo."

"Chitsulo m'thupi ndi phindu. Azungu amachita kulipira kuti awaike. Zisiye, zizolowera. Ndipotu wakhala kokwanira, mawa ubwere uzithirira makoma. Paipi imagwirika ndi dzanja limodzi."

Munthu anauzidwa katatu kuti chikhakha chisanyowe, akumupatsa ntchito ya madzi. Ndipo ndinapita, chifukwa mimba simva za ekisire. Mpaka lero ndikaona munthu akudya chipisi m'galimoto mtima umandiwawa, ngakhale akhale m'busa.

Fungo linayamba sabata yachisanu ndi chinayi. Poyamba tinkanamizira khoswe wofera kudenga. Yohane anadula chikhakhacho ndi sizasi yodulira malata, ndipo titatsegula anatuluka panja kaye. Pozungulira waya aliyense panali patafiira, mafinya akutuluka ukangodina. Mbedza zinkaoneka ziwiri zokha. Yachitatu khungu linali litaimeza. Ankanditsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo, koma thupi linayamba kutentha, ndipo mkono unkagunda ngati muli ng'oma.

Lamlungu lina Yohane anabwera ndi pulayazi yake. Anaiwiritsa m'ketulo, anasamba m'manja kawiri, anandipatsa thaulo kuti ndilume. Anagwira mbedza yoyamba. Sanaikoke, munthu amene amagwira moto tsiku lonse osaphethira.

"Amwene, ine ndimawotcherera mageti. Geti ndikalakwitsa ndimadula n'kuyambiranso. Apa ndikalakwitsa ndikawauza chiyani achemwali anu?"

Anaponya pulayaziyo pansi n'kutuluka. Pobwera anali atazungulira anyamata onse a kwathu, mpaka ena omwe sindinkalankhula nawo, ndipo anali ndi tikiti ya basi m'manja. A Nakoma nawo anasonkhako: mapanado anayi, ndi moni woti ndikapereke kumudzi.

Masiku atatu m'basi, mkono uli m'thaulo. Mayi amene ndinakhala naye anapempha kusintha mpando tisanafike n'komwe pa Beitbridge. Pachipata cha m'malirecho anandidinda chidindo choti ndisadzapondenso m'dziko lawo kwa zaka zingapo, ndipo ndinathokoza wodindayo mochokera pansi pamtima, mpaka anadabwa.

Kabaza atanditsitsa pakhomo, achemwali anatuluka akupukuta m'manja. Anandiyang'ana ine pang'ono, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Katundu akubwera pambuyo?"

"Katundu ndi ameneyu." Ndinamasula thaulo.

Anagwira pakamwa. Alamu anga, amuna awo, anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo. Chipinda chomwe ndinkati n'changa munali matumba a nandolo ndi njinga ya alamuwo, ndipo anayamba kukambirana zoti mwina ndingagone kaye pabalaza. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka ndi chomwe achemwali ananena akundiyalira mphasa, motsitsa mawu ngati akundichitira chifundo.

"Komatu achimwene, mowawu muusiye. A Nakoma anaimba foni. Akuti munagwera kubafa mutaledzera, iwo n'kuvutika nanu kuchipatala."

Bodza lija linakwera basi yoyamba, ine yachiwiri. Linafika, linalandiridwa, linapatsidwa mpando, ndipo linali litanenepa ndi mowa womwe ine sindinamwe. Ndinafotokoza za nsanja. Alamu anati a Nakoma ndi munthu wothandiza, anatengapo anthu ambiri a kuno, si bwino kuwaipitsira mbiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti alamuwo anali atalonjezedwa malo mu pikapu yopita ku Joni.

Kuchipatala cha paboma ndinalembetsa dzina langa lenileni, ndipo linandimvekera lachilendo. Wa mafupa anali bambo wamfupi wa nthabwala zouma ngati zanga.

"Mawayawa akhalamo masabata angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Mumadikira kuti aphuke?"

Awiri aja anawazula ndisanamalize n'kupuma komwe. Mphindi ziwiri zomwe ankanena dokotala uja zinali zoona, mwinanso anawonjezera. Wachitatu anachita kung'amba khungu kuti amupeze. Atajambula anapeza kuti fupa linalumikizana bwinobwino, mowongoka, koma mafinya anali atatsata waya mpaka m'kati. Anakandipala fupalo kufiyeta, ndipo ndinagona m'wodi masabata atatu ndikulandira majakisoni.

M'wodimo ndi momwe anandipeza Che Daudi. Anali atawabweza kumene kuchokera ku Joni, ataonda, ndevu zitachita mbuu. Anapalasa njinga kuchokera ku Mikolongwe atamva kuti ndabwera. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kapulasitiki kaja ndi manja awiri.

"Khadi lanu, achimwene. Ndinalisunga bwino, silinanyowe. Ndinkawauza apolisi aja kuti pali mwana wadwala, andilole ndingopereka, koma samamva. Mundikhululukire."

Munthu yekhayo amene anandipepesa pa nkhani yonseyi ndi amene sanandilakwire. Ndinatsegula pepala lija kuti ndione tsiku lomwe linandidyera dzanja. Linali tsiku loyamba la mwezi woyamba. Che Daudi anati nawonso sankalidziwa, analemba ndi amene anawakonzera pepalalo. Ndinaseka mpaka anesi anabwera kudzaona ngati ndayamba misala.

Dzanja sanadule, ndipo akuti ndithokoze. Lilipo, zala zisanu zonse. Koma linauma. Limapindika pang'ono ngati chitseko cha dzimbiri, kuseri kwa chala chachikulu sikumva kanthu, ndipo silitembenuka kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ndinaliviika m'madzi ofunda, ndinafinya kampira miyezi yambiri monga anandilangizira, linabwerako pang'ono n'kuima. Mpeni wopakira pulasitala ndikaugwira umagwa ndisanafike pakhoma. Wa mafupa uja ananena mosabisa kuti akanachotsa pa nthawi yake, bwenzi ndikupaka makoma mpaka lero.

A Nakoma anabwera pa Khirisimasi. Anaimika galimoto pa Milepa, nyimbo zikugunda, anthu atawazungulira ngati agwa kumwamba. Ine ndinkadutsa ndi alamu, ndipo anandiona ndisanakhote.

"Mphwanga! Bwera kuno. Dzanja lija lili bwanji? Ndinkakuuza kuti chitsulo n'chabwino, taona wanenepa."

Anthu anaseka. Anapisa m'jekete, anatulutsa ndalama yopindapinda, n'kuikweza kuti aliyense aione.

"Kamwe fanta. Fanta ndati, osati zija."

Anasekanso. Ndinatambasula dzanja lamanja monga mwa ulemu wa kwathu, lamanzere litagwira pachigongono. Linafika pamaso pawo chikhatho chili chozondoka, zipsera zitatu zili pamwamba. Anadikira. Nanenso ndinadikira.

"Tembenuza dzanja, iwe. Ulandira bwanji choncho?"

"Silitembenuka, ankolo. Ndi lomwe lija munalikweza pa nsanja yomanga ndi waya. Lomwe munaliuza kuti likanene kuti lagwera kubafa. Lomwe munalipatsa paipi ya madzi. Tayesani inuyo kulitembenuza, mwina limva kapitawo."

A Nakoma anayang'ana uku ndi uku, anaseka kamodzi popanda wowathandiza, kenako anaika ndalamayo pamwamba pa zipserazo. Inakhalapo pang'ono, n'kugwera m'fumbi pakati pa mapazi athu.

Alamu anandikodola m'nthiti. "Alamu, musatichititse manyazi. Tolani ndi linalo."

Lamanzere ndili nalo, ndipo ndi labwinobwino. Limatembenuka mbali zonse, limatola ngakhale singano. Ndinaliyang'ana, ndinawayang'ana a Nakoma, n'kulilowetsa m'thumba.